Makina Osalowa M'galaja

South C, Nairobi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine bondo lokha ndilo likuvuta.

Mphwanu Dalitso akufuna kuyamba kusema zitsulo m'galaja ya nyumba ya lendi ino. Wasankha makina aakulu oyenera fakitale, chonsecho ntchitoyi sanaigwirepo. Ndinayeza ndi tepi yanga yosokera, ndipo makinawo akuposa khomo ndi mainchesi asanu. Nditamuuza kuti ayambe ndi aang'ono, anangoti, "Amayi, chipupa tigumula." Mwini nyumba akamva atitulutsa, ana ali pakati pa teremu.

Akukawagula Loweruka. Chonde muimbireni foni tsikulo lisanafike. Ine wasiya kundimvera, koma malume ake sanawatsutsepo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Nambewe