A January Akugogoda mu Injini

Lolemba, 2 Disembala

Galimoto yayamba kulira. Te-te-te-te, chakumanzere kwa injini. M'mawa mokha, ikatentha zii. Oyilo ndayeza, ali bwinobwino.

Ukwati wa Ida Loweruka la sabata yamawa. Zonse akuyendetsa ndi alamu anga a Mailosi, poti ndiwo malume ake. Ine mkamwini, ntchito yanga pamudzi pano inatha tsiku lomwe mwanayo anabadwa. Andisiyira kantchito kamodzi kokha: kunyamula mkwatibwi kuchoka pakhomo mpaka kutchalitchi ku Lirangwe. Chigalimotochi n'chakale, ndinachigula chotopa kale ku esiteti, koma mwana wanga akwera chomwechi, woyendetsa ine.

Lachitatu, 4 Disembala

Ndinalakwa kumuuza Maness. Mkazi wangayu akamva kanthu, ndiye kuti mjigo wonse wamva.

Nkhani yake ndi iyi. Sabata yatha ndinanyamula maliro a a January, okhoma zidebe aja a pamsika, kukawasiya kwawo ku Mdeka. Pano akuti sanatsike. Akuti ali mu injini, akupitiriza ntchito. Umboni wake: malemuwo ankakhomanso m'mawa mokha, dzuwa likakwera ali ku kachasu.

Ndinaseka. Kenako ndinaona kuti ndikuseka ndekha.

Lachinayi, 5 Disembala

Mamawa alamu pakhomo, manja kumbuyo. Akuti ndiyilize amve. Anamvetsera mutu uli chopendeka. “Mwana wa mlongo wanga sakwera limodzi ndi maliro.” Basi, n'kumapita.

Ndinawakuwira kuti ndi matapeti, tizitsulo ta mu injini. Kaya ndi matapeti, ine sindikudziwa. Ndinatenga sikuludalaiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu, monga amachitira amakanika. Paliponse pomwe ndagunda pakulira. Chomwe ndapezapo ndi khutu lakupsa, ndinaligunditsa pa paipi.

Lamulungu, 8 Disembala

Maness wakana kukwera. Wapita kutchalitchi pa kabaza, ine pambuyo pake ndi mipando yopanda anthu. Manyazi ake.

Pobwera ndapeza wina wasiya chidebe chobooka pamene ndimaimika galimoto. Ndikadzamudziwa adzachivala kumutu.

Lolemba, 9 Disembala

Ku Chileka, kwa Willie makanika. Pofika injini yatentha, phokoso palibe. Ngati mwana wodwala usiku wonse, mukafika naye kuchipatala ayamba kusewera. Willie: “Madala, galimoto yosalira ndiikonze chiyani?”

Kudikira kuti izizire. Tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango, m'mimba muli chinangwa chokha. Ndege zikutera, zikunyamuka, ine ndili pompo.

Chakumadzulo tinayiliza. Te-te-te. Sindinakondwerepo chonchi ndi phokoso. Willie anadula kapaipi kothirira dimba, mbali ina kukhutu, ina n'kumayendetsa pa injini. Si matapeti. Anandionetsa mwaye wakuda pomwe ekizozi imalumikizana ndi injini. Gasiketi yapsa. Kukazizira mpweya umathawira pampatapo, chitsulo chikatentha chimafufuma n'kutseka. Ndinamuuza za a January. Anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti gasiketi ya nkhalamba ngati iyi akaisaka ku Ndirande.

Lachinayi, 12 Disembala

Gasiketi yapezeka, Willie wamanga. Dizilo wanga watha ndi maulendo a ku Chileka, koma zilibe kanthu. Galimoto ndaitsuka mpaka pansi. Maliboni oyera ndagula ndekha.

Lachisanu, 13 Disembala

Ndinawaitana alamu injini ili yozizira, ndi mboni zomwe. Kiyi. Inalira mwaulemu, te-te-te olo m'modzi. Ndinawaonetsanso gasiketi yakupsayo m'manja.

Anaizungulira galimoto. Anasuzumira mpando wakumbuyo, pomwe akanakhala Ida. “Akamagogoda timadziwa pomwe ali. Nanga pano ali pati?”

Azimayi onse anabwerera m'mbuyo.

Abwereka kagalimoto ka hayala ku Blantyre, konyezimira, mimba yokhudza pansi. Ine andipatsa miphika ndi mabenchi. Miphika ndiye siopa mizimu. Ida anali pakhonde, maso pansi, sangatsutse malume ake lero ukwati uli mawa. Sindikumuda.

Zandiwawa, ndisaname. Ndinalowa m'galimoto n'kutseka chitseko, osapita kulikonse. Maliboni ali m'thumba la jekete.

Loweruka, 14 Disembala

Mvula kuyambira m'bandakucha. Kagalimoto kaja kananyamuka ndi hutala, mkwatibwi kumbuyo, alamu kutsogolo ndi suti yobwereka. Ine m'mbuyo ndi miphika yanga.

Padambo kanamira mpaka zitseko. Anyamata a masuti kukankha, matope mpaka m'makutu, osasuntha. Abusa akuimba foni. Ndinadutsa cham'mbali mwa udzu, n'kuima patsogolo, n'kuzimitsa. Sindinatsike. Ndimafuna ndimve pakamwa pa alamu.

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana wotchi. Kenako anabwera pawindo. “Alamu, chingwe muli nacho?”

Ndinafunsa kuti nanga a January? Anaganiza kaye. “Chingwecho chikhale chachitali.”

Ndinamanga ndekha, nditagwada m'matope ndi thalauza la ukwati. Kamodzi kokha, kanatuluka ngati chinangwa cha pamchenga.

Titafika pa tala dalaivala wa hayala anayamba hutala kuti ndimasule. Alamu mkono pawindo, kukupiza. Ine khutu langa linapsa, sindimva bwino masiku ano. Pagalasi ndinkamuona Ida pakati pa mitu yawo, velo atakweza, akuseka, akupukuta m'maso. Anandikwezera dzanja.

Msika wonse wa Lirangwe unaima kuonerera, miphika ikulira kumbuyo, azimayi nthungululu. Tachedwa kale, abusa adikirabe pang'ono. Giya wani mpaka pakhomo la tchalitchi.