Makadi 64 Ofiira pa Dzina la Ankolo

KOMITI YOYANG'ANIRA BOLODI YA NTCHITO PASUKULU
Msonkhano wachisanu ndi chiwiri, woitanidwa mwadzidzidzi

Tsiku: Lachinayi, 13 Malichi
Malo: Chipinda cha makompyuta
Nthawi yoyamba: 2:40 masana

Opezekapo: Wachiwiri kwa Mphunzitsi Wamkulu (Wapampando), Oimira eni sukulu, Aphunzitsi a Sayansi, Amayi a ku Laibulale, Atelala (oimira makolo), Chaja wa Fomu 4 (mkulu wa Kalabu ya Makompyuta), Mlembi wa Fomu 3 (savota).
Oitanidwa: Ankolo, osamalira pamalo.
Osapezekapo: Mphunzitsi Wamkulu (anapepesa), Aphunzitsi a Masewera (sanapepese).

1. Kutsegulira

Atelala anapemphera mwachidule. Ankolo anakhala pafupi ndi chitseko, chipewa chili pabondo. Wapampando anawapempha kawiri kuti asendere kutebulo, koma iwo anati ali bwino pomwepo.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinavomerezedwa osawerengedwa.

3. Lipoti la bolodi

3.1 Popeza Atelala ndi atsopano, Wapampando anafotokoza kuti bolodi ndi pulogalamu imene kalabu inakonza teremu yatha. Munthu akaona ntchito yofunika amalemba khadi pafoni, akalabu n'kuikapo dzina la woti aigwire. Khadi likatha masiku asanu ndi awiri lisanatsekedwe, limafiira.

3.2 Oimira eni sukulu anaonetsa bolodi pakhoma. Makadi ofiira analipo 71, ndipo 64 mwa amenewa anali pa dzina la Ankolo. Iwo anati eni sukulu amaona bolodiyi ali ku ofesi kwawo, ndipo atopa nako kufiirako. Anatulutsa kalata yothetsa ntchito ya Ankolo mwezi uno ukatha, nati yangotsala kuvomerezedwa ndi komiti. Anaiika patsogolo pa Wapampando, cholembera pamwamba.

3.3 Ankolo anapatsidwa mpata. Anati agwira pano zaka 19, foni yawo ndi yamabatani, ndipo bolodiyo aiona lero koyamba. Anati: "Ine anawa amangondiuza kuti, 'Ankolo, kawakumbutseni Aphunzitsi akutiakuti zakutizakuti,' ine n'kupita. Zofiirazi sindikuzidziwa, bwana." Oimira eni sukulu anati kusadziwa si yankho.

3.4 Atelala anapempha kuti makadiwo awerengedwe limodzilimodzi. Oimira eni sukulu anati nthawi palibe. Atelala anati iwo atseka shopu kuti abwere kuno, ndiye nthawi ilipo. Chaja anawerenga. Khadi 12: kukonza loko ya chimbudzi cha anyamata. Khadi 19: kulemba mafunso a mayeso a Fomu 2. Khadi 23: kuitanitsa mankhwala a mu labu. Khadi 26: kuyankha kalata ya kholo lodandaula.

3.5 Atelala anapempha kuti mawu awo alembedwe monga anawanenera: "Kodi Ankolo, mwayamba liti kulemba mayeso a Sayansi? Zaka zonsezi mwatibisira digiri?" Amayi a ku Laibulale okha ndiwo anaseka.

4. Kufotokoza kwa kalabu

4.1 Wapampando anauza Chaja kuti aimirire afotokoze. Chaja anati pulogalamuyi sivomera khadi lopanda dzina, ndipo mwini dzina amalandira uthenga wotchula amene wamupatsa ntchitoyo. Sabata yoyamba iye anaika dzina la Aphunzitsi a Sayansi pa khadi lina, uthenga n'kupita woti, "Chaja wakupatsani ntchito." M'mawa mwake Aphunzitsiwo anamuimika kutsogolo kwa kalasi n'kufunsa anzake kuti ndi nyumba iti imene mwana amatuma bambo ake.

4.2 Chaja anati kuyambira tsiku limenelo palibe wakalabu amene analimbanso mtima kulemba dzina la mphunzitsi. Anagwirizana okha kuti khadi lililonse la akuluakulu aziliika pa Ankolo, chifukwa Ankolo sakwiya, komanso amatha kulowa m'chipinda cha aphunzitsi n'kukumbutsa munthu mwaulemu. Anati sanadziwe kuti eni sukulu amawerenga makadiwo. Anapepesa Ankolo. Ankolo anayang'ana pansi.

4.3 Aphunzitsi a Sayansi anati sakukumbukira zimenezo. Kenako anati akumbukira, koma zinali zocheza. Amayi a ku Laibulale anati tsiku la zochezalo Chaja analira kuseri kwa mashelefu mpaka belu la nkhomaliro.

4.4 Oimira eni sukulu anati amva, koma iwo sangakapereke nthano kwa amene anawatuma. Chimene eni sukulu amakhulupirira ndi bolodi. Ngati pofika potseka msonkhano bolodi ikunenabe 64, kalata isayinidwe.

4.5 Wapampando anati nkhaniyi ndi yofunika kuiona mofatsa, ndipo kungakhale bwino kusankha kakomiti kakang'ono kodzapereka lipoti teremu yamawa. Atelala anati teremu yamawa Ankolo adzakhala ali kunyumba. Anati: "Amayi Wapampando, malaya ang'ambika kumsana, inu mukusoka chigamba pamkono." Wapampando anapempha Atelala kuti azilankhula akalozedwa.

5. Chigamulo

5.1 Amayi a ku Laibulale anapereka ganizo loti makadi onse asamutsidwe pompano, lililonse kwa mwini wake weniweni. Atelala anavomereza. Chaja anati iye yekha m'chipindamo ndiye ali ndi chilolezo chosamutsira, ndipo uthenga uliwonse utchula dzina lake.

5.2 Aphunzitsi a Sayansi anakumbutsa Chaja kuti mayeso ake a mu labu ali Lachiwiri, ndipo ochonga ndi iwowo. Anati akungomukumbutsa.

5.3 Ankolo anaimirira osalozedwa. Anati: "Mwanayu asavutike chifukwa cha ine. Ine ndakula, ndikapeza pogwira. Zisiyeni." Chaja anati: "Khalani pansi, Ankolo. Tinakusenzetsani ndife." Anapempha kuti zilembedwe kuti komiti ndiyo yamutuma.

5.4 Anavota. Ovomereza atatu: Amayi a ku Laibulale, Atelala, Chaja. Okana: Aphunzitsi a Sayansi. Oimira eni sukulu sanakweze mkono. Wapampando sanavote.

5.5 Chaja anakhala pakompyuta. Ntchitoyo inatenga mphindi khumi ndi imodzi. Foni ya Aphunzitsi a Sayansi inalira ka 21. Italira kachisanu anafuna kuithimitsa, koma Atelala anati aisiye, akuwerenga nawo. Ya Amayi a ku Laibulale inalira ka 6, iwo nati, "Eya, ndi anga amenewo." Makadi 9 anapita kwa Mphunzitsi Wamkulu, 4 kwa Aphunzitsi a Masewera. Wapampando analandira 19. Anavundikira foni yawo, koma inapitiriza kunjenjemera patebulo mpaka inagunda kapu.

5.6 Pa dzina la Ankolo panatsala makadi asanu. Ankolo anati anayi anawagwira kalekale, koma palibe anawauza kuti ntchito ikatha pamafunikanso kudina. Amayi a ku Laibulale anachitira umboni makadi atatu, Atelala limodzi. Anatsekedwa. Lotsala ndi la loko. Ankolo anati loko yatsopano anaipempha mwezi watha, pepala likudikira kusayinidwa. Atafunsidwa kuti lili kwa yani, anati sangatchule munthu. Wapampando anati lisayinidwa mawa.

5.7 Oimira eni sukulu anajambula bolodi ndi foni yawo, nabweza kalata m'chikwama. Anapempha Wapampando ndi Aphunzitsi a Sayansi kuti akaonekere ku ofesi ya eni sukulu Lolemba m'mawa.

6. Zina ndi zina

6.1 Aphunzitsi a Sayansi anati chilolezo choyendetsera bolodi chichoke m'manja mwa ana. Wapampando anavomereza popanda kuvota. Chaja analemba pasiwedi pakapepala n'kupereka ndi manja awiri. Atelala anafunsa kuti ndi mphunzitsi uti amadziwa kuyendetsa pulogalamuyi. Wapampando anapitirira ku nkhani ina.

6.2 Amayi a ku Laibulale anati Lachiwiri alibe zochita, akakhala nawo mu labu pa mayeso a Chaja. Aphunzitsi a Sayansi anati malo ndi ochepa. Amayiwo anati aima.

6.3 Ankolo anapempha kutuluka kuti akatsegule geti, ana aweruka. Ali pakhomo anatembenuka n'kufunsa: "Ndiye mwezi wamawa ndibwere?" Oimira eni sukulu anati: "Mubwere." Ankolo anavala chipewa.

7. Msonkhano wotsatira

Lachinayi, 10 Epulo, malo omwewa.

Msonkhano unatsekedwa 4:05 masana, popanda pemphero.

Mlembi: wasayina.
Wapampando: ____________ (anati asayina akawerenga)