Masamba a Mapeyala M'envulopu

Chilomoni, Blantyre
14 Juni 2025

Okondedwa achimwene a Ambrosi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Karonga. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Ife tilipo, kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula ndisanamalize, pomwe nkhaniyi ndi yofunika kuimva mpaka kumapeto.

Mng'ono wanu Januario amugonekanso kuchipatala, ndipo tsopano matenda ake adziwika. Mundilole ndifotokoze pang'onopang'ono, uphunzitsi sutha.

Mukudziwa kuti amuthira magazi kanayi, koma pakangopita masabata ochepa amayeranso m'manja, maso achikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Adokotala ati magaziwo sapita kwina kulikonse. Chitetezo cha m'thupi mwake chasokonekera, chikuphwanya magazi ake omwe ngati mdani. Zili ngati galu wapakhomo amene wayamba kuluma eni nyumba.

Atamva za msana umene wakhala akudandaula uja, anatenga mafuta a m'fupa la m'chiuno kukayeza. Apeza khansa yotchedwa mayeloma. Imayambira m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwa, ndipo imagwira maselo amene amapanga chitetezo. Ndinafunsa ngati matenda awiriwa ali pachibale. Anati mwa anthu ena ochepa amayendera limodzi, ngakhale sizidziwika bwino kuti amayamba ndi ati. Kuchiziratu n'kovuta, koma mankhwala alipo ochepetsa ululu ndi kumuwonjezera masiku.

Tsono yerekezani zimenezi ndi zomwe banja lathu linachitira mkazi wake, mlamu wathu Kristina.

Inu munangomva pafoni, ine ndinaona ndi maso. Azakhali a Eliness anabwera kunyumba kwa Januario ku Zingwangwa kuchokera ku Bangwe ati kudzazonda wodwala, koma anayambira kufiriji. Anapezamo mabotolo atatu a madzi ofiira. Anatuluka nawo pakhonde akukuwa kuti Zingwangwa yonse ibwere idzaone, anamapopa tinkawamvera ku Mulanje aja ali m'nyumba mwathu momwe. Anati n'chifukwa chake kaunjika wa Kristina sagona pamsika, akukhwimira magazi a mwamuna wake.

Ananunkhiza botolo limodzi, n'kulavula, n'kunena kuti ngakhale fungo lake ndi la munthu. Mayi wa m'bungwe la kutchalitchi, korona ili m'khosi! Kristina anagwada, akuti ndi madzi a masamba a mapeyala, aliyense alawe. Azakhali anamuyankha kuti mfiti siisowa dzina la ndiwo zake, anthu n'kuseka. Kenaka anakuimbirani, ndipo tonse tinakumvani mukunena kuti tinalowola ndife, achoke lero lomwe. Zovala zake anaziponya m'ngalande ya madzi a kubafa. Kristina anazitola zikudontha, n'kuyenda wapansi mpaka kwa mkulu wake ku Manje.

Achimwene, pano pali mlandu wanga. Masamba amenewo anachokera mu mtengo wa kuseri kwa nyumba yanga. Ndinathyola ndine. Ndinamuphunzitsa ndine kuwiritsa, monga ankachitira mayi athu wina akachepa magazi. Ndinaima pakhonde pomwepo, mawu ali pakamwa, koma nditaona nkhope za anthu aja ndinaopa kuti anena kuti tili awiri. Zaka makumi atatu ndaphunzitsa ana sayansi, koma tsiku limenelo ndinangoyang'ana pansi. Ndikakumbukira ndimadzinyansa.

Mukufuna kudziwa mmene amusamalira othamangitsa mfiti aja? Lachitatu ndinapeza Januario kuchipatala atagona pa nsalu yonyowa kuyambira m'mawa, ntchentche zili pamilomo. Azakhali anali panja pa udzu ndi ana awo, akumaliza nkhuku imene a mphakati anabweretsera wodwala. Nditafunsa za nsaluyo, anati iwo sangagwire zonyansa za mwana wamwamuna, ndi mwambo. Ndinawafunsa kuti nanga mwambo wa nkhuku ya wodwala ukuti chiyani. Anati ndayamba mwano chifukwa cha sukulu.

Ndinamusintha ndekha, iye akulira ndi manyazi kuti mlongo wake ndikumuona chotero. Mafupa ake afooka, kumutembenuza kumafuna munthu wodziwa pogwira. Kristina anachita zimenezi chaka chathunthu osatiuza n'komwe.

Mankhwala akuyenera kuyamba Lachiwiri, ndipo achipatala akufuna womudikirira mmodzi wokhazikika. Januario wakana mankhwalawo. Wati ngati mkazi wake ndi mfiti, ndiye mumusiye afe, mfitiyo ipume. Anayesa kuseka, koma chifuwa chinamukaniza.

Dzulo ndinakwera ku Manje. Ndinamugwadira Kristina ndi kumuuza zonse ndalembazi. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangofunsa ngati Januario akudya. Kenaka anati iye anachotsedwa pamaso pa anthu, sangabwerere mozemba ngati wakuba, kuti mawa mwamuna wake akatsikira kuli chete adzati wamaliza ntchito yake. Pakamwa pamene panamuthamangitsa ndi pomwe pamuitane. Pakamwapo ndi panu, achimwene.

Kwa azakhali ndapitako kale, ndanena pamaso pa ana awo kuti masamba anali anga. Andiuza kuti ankandikayikira kale. Zilibe kanthu.

M'envulopu muno mupeza masamba asanu ndi limodzi a mu mtengo womwe uja. Musatume alamu. Muwiritse nokha m'kapoto, mudikire madziwo azizire, muwathire m'botolo, muwayang'ane padzuwa. Adokotala ati madziwa sachiza matenda a Januario, koma ine ndikuti mwina achiza athuwa. Mukatero muimbire Kristina, azakhali akumva. Kalatayi ndapatsira a Gabriel oyendetsa basi, ikupezani mawa Lamulungu. Mukhala ndi Lolemba lonse.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Linda ndi kwa Samuel. Mulungu akusungeni, ndipo atikhululukire tonse, kuyambira ine.

Ndine mlongo wanu,
Regina

Ndinaiwala: akayamba kufiira musadzidzimuke. Ndi masamba chabe.