Amuna anga akufuna kugulitsa ng'ombe kuti akaponyenso mpira ku Japan

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Ntchito inandibweretsa ku Mzimba kuno, komwe ndinakwatiwa ndi a Chikomeni a ku Manyamula. Tili ndi mwana mmodzi.

Amuna angawa anali katswiri wa besibolo, masewero aja wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina n'kumayesa kukamenya ndi chibonga. Iwo anali woponya. Anapita ku Joni ngati anzawo ambiri a kuno, n'kupeza ntchito yotchetcha kapinga pabwalo la masewerowa ku Cape Town. Tsiku lina mpira utagwera pomwe ankatchetcha, anauponya kuchokera kumapeto kwa bwalo mpaka m'manja mwa mphunzitsi wa timu. Anayamba kuwaphunzitsa, ndipo patatha zaka zitatu timu ina yaing'ono ya ku Japan inawatenga. Anasewera zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka mtsempha wa pachigongono unaduka masewero ali mkati. Anabwerera kumudzi ndi sutikesi, golovesi ndi zithunzi. Ndinawadziwa nthawi imeneyo, ndipo sindibisa, zithunzizo zinandikoka.

Pano ali ndi zaka 39. Mkono wamanja suwongoka, moti batani la m'khosi ndimawamangira ndine. Koma chaka chino anazula tomato wanga yense kuseri kwa nyumba, n'kuunjika dothi kupanga kachulu koponyerapo. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu amandiveka golovesi kuti ndiziwakha. Amati mosakaniza ndi Chitumbuka chawo, "Mama, njutani bwino, mbwenu muone liwiro!" Liwirolo, Aphungu, tsiku lina nkhuku ya aneba inaona mpira ukubwera, inayamba yajompha chimanga kenako n'kusuntha.

Mwezi watha anandiuza kuti agulitsa ng'ombe zinayi zomwe malemu bambo awo anasiya, akachitidwe opaleshoni ku Joni kenako abwerere ku Japan. Nditafunsa ngati timu yawaitana anati, "Kumene kuja amandidziwa chomene, kalata njachani?" Ziwiri mwa ng'ombezo mng'ono wawo a Pearson akuyembekezera kukalowolera mkazi. Mlamu wangayu atamva anabwera akuthamanga panjinga, n'kundiloza chala anthu akuona. Anati, "Mlamu, ndinu mukuwatuma akuluwa kuti mudye chuma chathu!"

Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti sindinawauzepo zoona. Akaponya ndimati, "Eee, lero ndiye wathamanga!" chifukwa tsiku lomwe ndinaseka anakhala masiku awiri osadya. Ndiwauze bwanji? Kapena ndingowasiya apite?

P.M., Mzimba

Amayi P.M.,

Pepani ndi tomato wanu. Pa nonse a pakhomopo, wosalakwa anali iyeyo.

Mlamu wanu analakwa kukunyozani pagulu, koma sanaphonye kwenikweni. Chuma simukuchifuna, ndikukhulupirira. Koma amene mukuziperekeza ng'ombezo kumsika ndinu, ndi "lero wathamanga" wanuyo. Mwamuna amene mkazi wake amamuombera m'manja m'mawa uliwonse angamvere bwanji chigongono chake? Mudzifunsenso bwino. Mukuteteza mtima wa amuna anu, kapena inunso simukufuna kuvomereza kuti mnyamata wa m'zithunzi uja anatsala ku Japan?

Golovesiyo muvule mawa lomwe. Munaphunzira za choko inu, osati zonjuta kuseri kwa nyumba ngati wodwala m'mimba. Kenako muwakhazike pansi muli awiri, ndipo muyambe ndi zoona zokoma. Munthu wa ku Manyamula kuchoka pa makina otchetchera mpaka kukalipidwa poponya mpira kutsidya kwa nyanja si nthabwala, ndipo anthu owaseka sanafike ngakhale ku Jenda ndi luso lawo. Mukatero muwauzenso zowawa zija, kuti mwakhala mukuwanamiza ndipo mpirawo suthamanganso. Akakana kudya, phikani, vundikirani, pitani kuntchito. Njala ya masiku awiri sinaphepo katswiri.

Mupite nawo kwa dokotala wa mafupa, mulowe nawo m'chipindamo, chifukwa mukawasiya okha adzabwera ndi nkhani yoti dokotala wachita mantha ndi mphamvu zawo. Mwina opaleshoni ingawathandize kuvala malaya okha, ndipo zimenezo n'zofunika. Zoponya pa zaka 39, dokotalayo anene ndi pakamwa pake.

Za ku Japan n'zosavuta. Ngati amawadziwa chomene, alembere timuyo, ndipo ng'ombe isatuluke m'khola yankho lisanabwere. Ine ndikuganiza kuti ng'ombezo zikalamba zili momwemo. Muitanenso ankhoswe ndi a Pearson, zinenedwe poyera kuti chuma cha malemu si cha mwana mmodzi. Mlamu wanuyo akupepeseninso pomwepo, asachoke ngati wopambana.

Koma chenjerani. Mwamuna ukamulanda maloto osamupatsa chochita, amakawafunafuna kumowa. Mkono unatha, koma zomwe anaphunzira zaka zonsezo zili m'mutu, ndipo kusukulu kwanu kuli ana oti angaziphunzire. Kalankhuleni ndi ahedi musanalankhule ndi amuna anu, kuti tsiku lomwe mudzawatsitse pachulupo, Lolemba lake akhale ndi kopita.

Aphungu