Njuchi za pa Dzenje la a Lameck

Lolemba, 6 Novembala 2023

Misuku. Chifunga mpaka teni koloko. Alimi anga a khofi ali ndi ming'oma khumi ndi iwiri, isanu ndi inayi yapezeka yopanda njuchi. Mayi Flora, apampando a kalabu, akuti wakuba akumudziwa: a Lameck, nkhalamba yokhala yokha m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese. Ati amaziitana mwamatsenga. Umboni wake, zadzadza pa dzenje lawo lotayamo makoko a khofi. "Alangizi, njuchi ya Chiuta ingakhale pa zowola? Fwiti yula." Ndiye kuti mfiti, m'chinenero cha kuno. Ndinaseka. Palibe anandithandiza kuseka.

Lachinayi, 9 Novembala

Ndapita kudzenjeko. Fungo logwetsa munthu. Si njuchi ayi, ntchentche! Mapiko awiri, osati anayi. Maso odzadza mutu wonse. Zimaima malo amodzi m'mwamba ngati zamangidwa ndi ulusi. Mbola zilibe, zimangobwereka malaya a njuchi kuti mbalame ziziopa. Ndawerenga mitundu inayi: ya mizere yachikasu, yaubweya, ya madontho m'maso, ndi ina yonenepa ngati chala chachikulu. M'madzi owolawo muli mphutsi zake, za michira yaitali yopumira. Phunziro lomwe ndinkasinza nalo ku koleji.

A Lameck sanatuluke. Pakhomo pawo wina wasiya botolo la palafini ndi machesi.

Loweruka, 11 Novembala

Ndafukula udzu pansi pa ming'oma. Njuchi zenizeni, zakufa, mulu, malilime kunja. Poizoni.

Mwezi watha ndine ndinalamula kupopera tizilombo khofi atachita kale maluwa. Ndinkadziwa kuti njuchi zili pamaluwapo. Ndinkathamangira lipoti la abwana ku Boma. Ine Tionenji, ndi setifiketi yanga.

Lolemba, 13 Novembala

Sindinatuluke. Ndikanena kuti ndi ntchentche, funso lotsatira ndikulidziwa. Ndikatseka pakamwa, nyumba ya munthu ipsa. Kwathu ku Mulanje n'kutali, kuno ndilibe mbale. Ntchitoyi ndinaidikira zaka zinayi. Ndikuopa, ndipo ndikudzida chifukwa choopa.

Lachitatu, 15 Novembala

Msonkhano panja pa tchalitchi. Ndinatsegula botolo la ntchentche zomwe ndinagwira kudzenje kuja, kugwira yonenepa ija ndi manja, kuiika patsaya. Azimayi anakuwa. Sinandilume. Ndinaonetsa mapiko, ndinaonetsa mphutsi. Mayi Flora, kufunsa komwe kwapita njuchi zawo: "Sono zathu zili nkhu?"

Ndinanena zonse. Kuti ndinazipha ndine, ndi mankhwala. A Lameck misozi mbwembwembwe: "Yewo, mwana wane." Ena onse anangonyamuka mmodzimmodzi. Bola akanatukwana.

Lachisanu, 17 Novembala

A Lameck akuti anthu awasiya. Dzulo anapita kumsika, anthu anawapatsa moni. Chabwino n'chimenecho chokha.

Pamjigo m'mawa azimayi anachotsa ndowa zawo nditafika. Esther wa pagolosale wandinong'oneza zomwe zikuyenda m'midzi. Za mapiko palibe akukumbukira. Akukumbukira ziwiri: njuchi inakana kundiluma, ndipo ndinavomera ndi pakamwa panga kuti ndili ndi mankhwala.

Ndinkanena a m'chigubu chopopera. Iwo anamva ena aja.

Basi ya ku Boma yapita kale. Masana ano dzuwa lili phwee, ndipo kumtunda kukutsika anthu, Mayi Flora patsogolo. Sindikudziwa ngati nditseke chitseko kapena