Tizidutswa ta Zitenje za Amayi Si Zithumwa

Chikanda,
Zomba.
19 Julaye 2008

Okondedwa achimwene a Lameck,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana onse kumeneko ku Migowi. Nanga abambo, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndikulemba ndili ndi ukali, ndiye mukaona zilembo zokhota musadabwe.

Dzana kunabwera msuweni wathu Dunstan ndi uthenga wa amalume. Akuti ine ndisadzaponde kumudzi pa mwambo wa chiliza cha amayi mwezi wamawa. Mlandu wake akuti ndinadula zitenje za malemu n'kupangira zithumwa, ndipo matenda a mwana wanu Tione akuchokera kwa ine. Ine Esitere, achimwene? Dunstan ponena zimenezi maso anali pansi, ndi tiyi yemwe anamusiya m'kapu.

Kumene nkhaniyi yachokera ndikukudziwa. Akazi anu a Ellah atabwera ndi Tione kuchipatala kuno, anafikira kwanga. Ndinawasiyira bedi, ine n'kugona pamkeka. Ndili kuntchito, iwo anatsegula chitini cha mabisiketi chimene chimakhala kunsi kwa bedi, n'kupezamo tinsalu topindapinda tokhala ndi mapepala m'kati. Kufunsa, osafunsa. Anangotapa kodzaza dzanja, kumanga pansonga ya chitenje, ulendo wa ku Migowi. Potsanzika anandithokoza mpaka kugwada, kani katundu ali m'chiuno!

Tsono tamverani, mukawafotokozere amalume. Paja titagawana zovala za amayi, ine zinandigwera zitenje zakale zija, zong'ambika, zimene aliyense anazikana. Masiku amenewo mutu wanga sunkagwira. Kuofesi ndinkangolakwitsa potayipa, chakudya osalowa. Mnansi wanga mayi Mwanaidi, amene anagwirapo ntchito m'nyumba ina pamwamba pa phiri, ndiwo anandiphunzitsa kasokedwe aka. Umadula pepala la ngodya zisanu ndi imodzi, ngati timabowo ta chisa cha njuchi, n'kulikuta ndi kansalu, kupinda m'mbali, kugwiriza ndi ulusi. Pepalalo ntchito yake ndi kuumitsa nsalu kuti isakhote, basi. Tizidutswato tikachuluka umatilumikiza ndi singano, ndipo pomaliza mapepala onse umawasolola n'kutaya. Chotsala ndi chofunda. Mapepalawo ndimapempha kwa ana a sukulu ya ukachenjede amene amachita lendi pafupi nafe. Zimene alamu akuti ndi malemba a kwa sing'anga ndi masamu a ana a eni!

Ntchito imeneyi ndiyo inandibwezera nzeru. Loweruka masana ndimakhala pakhonde, phiri lili uko lafunda nkhungu, singano ikulowa n'kutuluka pang'onopang'ono. Sizifuna liwiro, ukapupuluma ngodya sizikumana. Mtima umangotsika wokha. Ndikagwira kachidutswa ka chitenje chobiriwira chija, ndimawaona amayi akupita kumunda. Ndikagwira ka maluwa ofiira, ndimawaona pa ukwati wanu akuvina mpaka duku kugwa. Ndimaseka ndekha, pena kulira, koma ndikanyamuka pamenepo ndimakhala nditapepukidwa. Chofundachi ndikusokera abambo, kuti chiperoni chikabwera azifunda nsalu za mkazi wawo. Ndinkafuna kudzawadzidzimutsa nacho pa tsiku la chiliza, n'chifukwa chake sindinauze munthu.

Chimene chandiwawa koposa ndi ichi. Dunstan akuti tizidutswa timene alamu anatenga tija munatiotcha pabwalo, anthu akuimba nyimbo zothamangitsa ziwanda. Timeneto tinali ta chitenje chakuda cha mizere yoyera chija, chimene amayi anaberekera inu, kenako ine. Chinali chitatheratu, ndinangopulumutsapo pang'ono poti ndiike pakati penipeni pa chofunda. Lero ndi phulusa. Mwaotcha mbereko yanu yomwe, achimwene. Ndipo akuti inu munali pomwepo, manja kumbuyo, osaletsa. Zimenezi zandipweteka kuposa mawu a amalume.

Mayi Mwanaidi atamva anagwira pakamwa. Akuti chibadwire sanamvepo kuti nsalu ya pabedi yalodza munthu. Manyazi anu anagwira ine.

Za Tione ndikumva chisoni, naye ndi mwana wanga. Koma adokotala ananena ine ndikumva kuti magazi ndi ochepa m'thupi, mubwerenso naye mwezi uno. Mwabwera naye? Kapena mwaona kuti kuotcha nsalu kwakwanira? Bwerani naye mwanayo asanafooke. Khomo langa silinatsekedwe, chitini chokha ndicho ndachikhomera m'sutikesi.

Pempho langa ndi limodzi. Amene ankawasambitsa amayi m'chipatala, kuwatembenuza, mpaka kuwatseka maso, ndine. Palibe munthu amene angandiletse kuona dzina lawo pa chiliza. Ndibwera Lachisanu la sabata ya mwambowo ndi chofundacho, ndipo mapepala ena ndiwasiya dala m'kati kuti amalume adzasolole okha, awerenge mokweza anthu amve. Chimene ndikupempha n'chakuti inu mudzandichingamire pa siteji ya minibasi, mudzandilandire chikwama, tidzalowe m'mudzi limodzi dzuwa likuswa mtengo. Mwini mbumba wanga ndinu, osati amalume. Ndikadzatsika n'kupeza palibe, sindidzabwerera ayi. Ndidzayenda ndekha mpaka kumanda, koma ndidzalira maliro awiri, a amayi ndi a mlongo wanga amene ali moyo.

Mundiperekere moni kwa abambo, ndipo muwawerengere kalatayi yonse osadumpha mzere. Moni kwa azakhali, kwa Tione ndi abale ake. Amalume muwauze kuti uthenga wawo wafika. Alamu nawonso muwapatse moni, poti amayi anandilera bwino.

Ndine mlongo wanu wa bere limodzi,
Esitere