Zoona, Zabodza, Sitingadziwe

Mandava, Zvishavane
6 Julaye

Wokondedwa mlongo wanga Noria,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana ndi adzukulu onse ku Dedzako. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga kachewere chaka chino wachita bwanji? Kuno tadzuka ndithu, kungoti mphepo ya Julaye yatizunza, ikulowa ngakhale pansi pa chitseko.

Usadabwe kuti ndakulembera pamanja ngati kale pomwe mafoni alipo. Pafoni ndikangolankhula mawu atatu chifuwa chimandilanda, komanso foniyo amasunga ndi mwana wanga Rosina, ndiye amamva zonse. Kalatayi ndapatsira a Matiyasi a kumpingo kwathu, akwera basi ya ku Lilongwe Lachitatu. Uwerenge uli wekha, utakhala pansi.

Ndiyambe ndi za Rosina yemweyo. Ukudziwa kuti chimalizireni ku yunivesite ku Gweru patha zaka zitatu, ndipo digiri ija yangokhala pakhoma, akangaude akumangapo nyumba. Mwini wake amagulitsa kaunjika pamsika wa Mandava, kuno amati mabhero. Munthu wophunzira za chuma, tsiku lonse kulimbana ndi azimayi pa mtengo wa masokosi.

Chaka chino banki ina yaikulu inalengeza kuti ikufuna achinyamata omaliza kuyunivesite, iwaphunzitse ntchito. Analembera, ndipo amuitana ku mayeso ku Harare pa 29 mwezi uno. Satenga munthu amene wakwanitsa zaka 26, ndipo Rosina akwanitsa mu Okutobala. Ndiye ukuona wekha, khomo ili likatsekeka palibenso lina.

Mayeso otere analembapo kawiri kumabanki ena, kawiri konse anagwa. Masamu sanamuvute, chinamugwetsa ndi Chingerezi. Ndikudziwa useka, popeza mwanayu Chingerezi amachilankhula ngati anabadwa nacho, Chichewa ndicho amachita kuthyola. Koma mayeso akewo ndi a mtundu wina. Amakupatsa kankhani ka mizere khumi, ka za inshuwalansi kapena za ulimi wa thonje, kenaka pansi pake amalembapo mawu angapo. Iwe unene ngati mawuwo ndi zoona, zabodza, kapena sitingadziwe, eni ake amati kanoti seyi. Funso lililonse mphindi imodzi, ikatha yatha.

Vuto la Rosina linali loti amadziwa zambiri. Kankhani kakanena kuti mabanki amathandiza anthu mwachangu, iye ankakumbukira mizere ija tinkaima pabanki kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, n'kuyankha kuti zabodza. Mnzake wina amene anakhoza chaka chatha, dzina lake Mazvita, ndiye anamutsegula m'maso. Anamuuza kuti zimene akudziwa azizisiya pakhomo pamodzi ndi chikwama, aziyankha zokhazo zimene zalembedwa. Pepala likati bulu ali ndi nyanga, ndiye kuti ali ndi nyanga. Likati abulu ena, iwe usati abulu onse. Likapanda kunena, usalithandize kunena.

Ine nditamva ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati ndiye ntchito ya kubanki imeneyo, kukhulupirira pepala kuposa maso ako. Rosina anati ndiseke bwanji, bola ndimuthandize kusunga nthawi.

Choncho kuyambira mu Epulo ndinasanduka mphunzitsi, ine wolekezera giredi 4. Madzulo aliwonse akabwera kumsika, dzuwa lisanalowe, tinkakhala pakhonde. Ndinkavula wotchi yanga ija anandipatsa kumgodi nditagwira zaka 25, n'kuiika pampando pakati pathu. Iye ankawerenga, ine maso pa muvi. Mphindi ikatha ndinkamenya kapu ndi supuni, ngati belu la chikepe cha kumgodi. Poyamba ankakhoza zinayi pa khumi, n'kumaluma cholembera ndi mkwiyo. Pofika mu Juni ankakhoza zisanu ndi zinayi, nthawi zina zonse khumi, ine supuni ndisanaigwire n'komwe. Oyandikana nawo ankasuzumira pampanda n'kumati madala atsegula sukulu. Noria, masiku amenewo ndinali wonyada. Ndinkamuona kale atakhala kuseri kwa galasi, atavala jekete, anthu akumuimira pamzere.

Zinalakwika chifukwa cha ine. Nkhani zoyeserera ankazitenga pafoni, ndipo Loweruka lina, magetsi atazima masiku awiri, foni inathima. Mabuku amene Mazvita anamubwereka anali atawamaliza kawiri. Ndinati zisakuvute, Chingerezi m'nyumba muno chilimo chodzaza bokosi. Ndinakoka bokosi lachitsulo lija la bambo athu, lija tinasamuka nalo ku Mvuma, n'kutulutsa mapepala anga onse, laisensi yophulitsira miyala, makalata a kumgodi, malamulo a kampani ya maliro. Ndinamupatsa mulu wonse osayang'ana. Tinagwirizana kuti iye aziwerenga pepala limodzi, kenaka ine ndizinena mawu a m'mutu mwanga, iye aziyankha.

Tinaseka kwambiri tsiku limenelo. Pa kalata yondithokoza popuma ntchito ndinati, Obadiya anali waulesi. Anati zabodza. Ndinati, Obadiya anali wooneka bwino kuposa onse pa shifiti yake. Anati sitingadziwe, pepala silinanene, ngakhale chithunzi cha palaisensi chikukana.

Atafika pa pepala lachinayi ndinayang'ana wotchi monga mwa masiku onse. Mphindi inatha, ndinamenya kapu. Sanadzutse mutu. Ndinamenyanso, n'kumuseka kuti kukanakhala ku Harare bwenzi atamulanda kale pepala. Chala chake chinkangoyenda pa mzere umodzimodzi, kubwerera, kuyendanso. Apo m'pamene ndinaona chidindo cha chipatala pamwamba pake.

Tsopano ndikuuze zimene sindinakuuze. Zaka ziwiri zapitazo, paja ndinakuuza kuti ndapita ku Gweru kukaona mnzanga Yoswa ku Ascot, ndinapita kuchipatala kukajambulitsa chifuwa. Anapeza kuti mapapo anga anadzaza fumbi la miyala, lija tinkapuma pobowola. Namwino anandifotokozera bwinobwino m'Chishona, sanabise kanthu. Anati matendawa sachira, amangowachedwetsa, ndipo ndizibwera miyezi itatu iliyonse. Ndinapinda pepala, ndinakwera kombi, ndinafika kunyumba n'kunena kuti Yoswa akupereka moni. Sindinabwererekonso. Kwa Rosina ndi kwa iwe ndinkati ndi chifuwa cha mphepo.

Ungandifunse chifukwa. Chaka chimenecho n'chimene anagwa mayeso oyamba, ankadzitsekera kuchipinda n'kumalira, ndiye ndinati ndidzamuuza akapeza ntchito. Chaka chinatha, china chinabwera. Pepala ndinalikankhira pansi pa bokosi mpaka ndinaiwala kuti lilimo.

Rosina atamaliza kuwerenga anatola wotchi ija pampando n'kuigwira yekha. Anati tsopano wofunsa ndine, baba. Mawu ake anali ozizira ngati a munthu wa muofesi. Anati, munthu uyu anauzidwa kuti abwerere kuchipatala pa 14 Ogasiti chaka chija. Ndinati zoona. Anati, munthu uyu anabwerera. Ndinazyolika, ndinati zabodza. Kenaka anati, munthu uyu ankadziwa zimene zalembedwa apa.

Noria, ine bambo wa zaka 67, mkulu wa mpingo, ndinayang'ana mwana wanga m'maso n'kunena kuti sitingadziwe. Ndinati iyenso akudziwa kuti Chingerezi cha madokotala ine sindichimva. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoika wotchi pansi n'kulowa m'nyumba.

Lolemba lake sanapite kumsika, anandikweza kombi mpaka ku Gweru. Anandijambulanso, akuti zawonjezeka, ndipo andipatsa mankhwala opopera m'kamwa. Pokwera masitepe a chipatala ndinapuma katatu, iye ataima pambali akuyang'ana. Chibwerereni kumeneko mabuku sanawagwirenso, anakawabweza kwa Mazvita. Akuti ku Harare sapita.

Ndamunyengerera mpaka malovu kuuma m'kamwa. Akuti akakhoza amusunga ku Harare chaka ndi theka akuphunzira ntchito, kenaka akhoza kumutumiza ku Mutare kapena ku Hwange, nanga madzi akasiya kutuluka pampopi anganditungire ndani? Mchimwene wake Gedion ali ku Joni, mapepala ake sali bwino, akatuluka sangalowenso. Ndinamuuza kuti amayi a kumpingo alipo, sangandisiye ndife ndi ludzu. Anangoti, “Hazviite, baba, sizingatheke. Ndikusiyeni ndi ndani?” Ukudziwa kuti mtima ukamupweteka Chichewa chimamuthawa.

Dzana ndinayesa kumukola ndi nzeru zake zomwe. Ndinatenga pepala latsopano la kuchipatala n'kumuuza kuti aliwerenge monga anaphunzirira. Ndinati, kodi palembedwa kuti Obadiya afa chaka chino? Palibe. Palembedwa kuti sangathe kudziphikira? Palibe. Ndiye yankho ndi sitingadziwe, usalithandize pepala kunena. Ndinkaona ngati ndamupana. Anandiyankha mofatsa kuti zimenezo n'za m'chipinda cha mayeso. Anati iye amandimva ndikutsokomola m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba, ndipo kathaulo kotsokomolera kamene ndimabisa pansi pa pilo amakachapa ndi iye ndikapita kutchalitchi.

Chimene chikundidya mumtima n'ichi. Bambo athu anayenda wapansi kuchokera ku Dedza kudzalowa m'dzenje. Ine ndinabadwira pakomponi, ndinalowa m'dzenje lomwelo. Zaka zonsezo ndinkadziuza kuti fumbi ndimeze ine, mwana wanga adzagwire ntchito pamalo pouma, atakhala pampando. Tsopano fumbi lomwelo ndi limene lamutsekera khomo. Ndikamuona m'mawa akusenza mtolo wake kupita kumsika, ndimalakalaka ndikanafa chaka chatha, bwenzi atalira n'kumasuka. Mulungu andikhululukire, koma ndi mmene ndikumvera.

Ndiye ndagwira mwendo wako, mlongo wanga, wabwinowo osati wotupawo. Bwera. Ndikudziwa kuti uli ndi munda ndi adzukulu, ndipo ulendo wodzera ku Tete si wamasewera kwa munthu wa msinkhu wako. Ndikudziwanso kuti alamu atamwalira ine sindinabwere kumaliro, ndinanamizira shifiti. Sindili woyenera kukupempha kanthu. Koma ubale ndi fupa, suola, ndipo ndasowa mtengo wina wogwira.

Rosina sakhulupiriranso mawu anga, ndipo sindimuimba mlandu. Mawu ako okha ndi amene angawamve. Unamulera ndiwe amayi ake atatisiya, mpaka lero akamakutchula amati tete vangu, ndiye kuti azakhali anga. Lonjezo la pafoni sangalilandire, koma akakuona utakhala m'nyumba muno, katundu wako ali pakona, mwina akwera basi. Sindikupempha zaka. Ndikupempha ufike tsiku la 29 lisanakwane, zinazo tidzakambirana uli pano. Chipinda chako chija chilipo, ndachotsamo njinga.

Ukalandira kalatayi usamuimbire kuti umukalipire, ungomuuza tsiku limene ufike. Mabuku ndinakawatenganso kwa Mazvita, ndinayenda pang'onopang'ono, ndinapuma pa sitolo ziwiri. Ndawaika patebulo poonekera, kubisa ndasiya. Amawasuntha akamakonza m'nyumba n'kuwabwezera pomwepo osatsegula. Wotchi ndimaipukusa m'mawa uliwonse, kapu ndi supuni zikadali pakhonde.

Undiperekere moni kwa ana ako onse, kwa apongozi ako, ndi kwa adzukulu amene sindinawaonepo. Uwauze kuti ku Zimbabwe kuli agogo awo ena, ouma mutu, amene amawatchula m'mapemphero.

Chatsala chinthu chimodzi. Funso lake lachitatu lija sindinaliyankhe bwino. Ndayesa kangapo, koma ndikatsegula pakamwa chifuwa chimanditsogolera, iye n'kuthamangira madzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ukabwera udzakhale pafupi nane, ndimuuze ndekha iwe ukumva. Koma ukachedwa panjira, kapena ine ndikafulumira, udzamupatse kalatayi. Ili m'Chichewa, adzawerenga mochedwa, koma palibe amene adzamumenyere kapu. Munthu uja ankadziwa zimene zinalembedwa papepala. Yankho lake ndi zoona.

Ambuye akusunge, akutsogolere panjira yonse mpaka udzagogode pachitseko changa.

Ndine mlongo wako,
Obadiya